Tsiku Limene Ndinawamana Amai Shuga

Loweruka madzulo, sabata yoyamba ya Januwale.

Ndakhala pakhonde ndi lichero la nyemba za mawa, koma ndaliika pambali kuti ndilembe pang'ono kusanade, chifukwa magetsi anapita m'mawa ndipo sanabwerebe. Mvula yangokata kumene. Madzi adzaza m'njira yopita kumsika wa Nangongwe, ndipo anthu akudutsa nsapato zili m'manja. Amai ali m'nyumba, atambalitsa miyendo pampando. Aimirira tsiku lonse pamsewu kugulitsa vitumbuwa, ndipo mapazi atupa.

Atabwerako, tikutsuka mabeseni kuseri, anandiuza kuti Lolemba mpingo wathu uyamba kusala kudya kwa kumayambiriro a chaka, ndipo chaka chino iwo asala nawo mokwanira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litalowa, osalawa kanthu. Anati asalira ine, chifukwa ndikulowa giredi yomaliza ndipo mayeso ali patsogolo. Ankayankhula akumwetulira, ngati munthu amene akupereka mphatso imene anaibisa nthawi yaitali. Ine ndinangoti, "Inde, Amai," n'kupitiriza kukwecha beseni.

Koma Amai ali ndi matenda a shuga, ndipo amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Ndikudziwa chimene chimachitika akamwa mapiritsiwo osadya, chifukwa ndinachiona ndi maso anga m'nyumba ino ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sindinayambe ndachilemba. Mwina ndikachilemba lero, ndidziwa chochita.

Ndikukumbukira mmene matendawa anabwerera. Sanabwere ndi phokoso. Amai anayamba kumwa madzi kapu pambuyo pa kapu, ludzu osatha. Ankatuluka kukataya madzi pafupipafupi, ankatopa msanga, ndipo madiresi awo a kutchalitchi anayamba kulendewera m'mapewa. Atate, amene amayendetsa minibasi ya ku Lusaka, tsiku lina sanapite kuntchito, anawaperekeza kukiliniki. Anabwerako ndi kathumba ka mapiritsi oyera ndi malamulo ambiri. Nshima ikhale yochepa, ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zichuluke, chibwabwa, kalembula, bondwe. Zakumwa za m'mabotolo asiye. Mapiritsi asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ndipo tiyi azimwa wopanda shuga.

La tiyi ndilo linawapweteka. Amai ankakonda tiyi wotsekemera kwambiri, woti supuni itsale ikumata, ndipo ankamwera m'kapu yaikulu yachitsulo atamaliza kukazinga. Chovuta china chinali chakuti shuga sakanachoka m'nyumba, chifukwa ndiye ntchito yawo. Vitumbuwa zopanda shuga palibe angagule. Kunja kusanache ankakanda fulawa m'beseni lalikulu, kuthira isiti ndi shuga, ndipo kale ankadziwa kuti zakwanira mwa kulawa. Tsopano ntchito yolawa inakhala yanga. Ankandidzutsa, n'kundipatsa kachitumbuwa koyamba kuchokera m'mafuta, ine maso ali ndi tulo, n'kundifunsa ngati kamveka. Ndikagwedeza mutu, ankapitiriza kukazinga, utsi wa malasha ndi fungo la mafuta zili m'nyumba monse, iwo osaika kanthu pakamwa.

Tsiku lina ndinalowa m'khitchini mwakachetechete, monga ndimayendera, n'kuwapeza ataima pa kandowa ka shuga, supuni ili m'kamwa. Tinayang'anana. Anachita manyazi ngati mwana, ndipo ine ndinachita manyazi kuposa iwo. Anatseka kandowako, n'kundipatsa m'manja.

"Taonga, tenga. Uziisunga mu bokosi yako ya zovala. Nikafuna yopangila vitumbuwa, uzipima ndiwe. Koma yoika mukamwa mwanga, osanipatsa. Olo nikupemphe, olo nikukalipile, olo nilile, osanipatsa. Wamvela?"

"Namvela, Amai."

"Na china. Osauza munthu aliyense ku chechi kuti nimamwa mankhwala. Bazakamba ati nilibe chikhulupililo."

Zimenezi ndinazimvetsa ngakhale ndinali mwana. Kumpingo kwathu, Lamlungu lililonse anthu amaimirira kupereka umboni wa machiritso. Amai anali atapita kutsogolo kukapemphereredwa, ndipo anthu anaomba m'manja. Sanafune kuti anthu omwewo awaone ali pamzere wa kukiliniki. Mapiritsi ankawasunga m'kathumba ka m'kati mwa chikwama chawo, ndipo odziwa tinali Atate ndi ine basi.

Ndinanyadira ntchito imeneyi kwambiri. Kusukulu ndinali mwana wosakweza dzanja, woti aphunzitsi ankaiwala dzina lake mpaka pakati pa chaka. Tsopano ndinali ndi ntchito yofunika, ndipo ntchitoyo siinkafuna kuyankhula. Inkangofuna kukana ndi kukhala chete, zinthu ziwiri zimene ndinkazitha bwino. M'nyengo yozizira Amai ankandiyesa nthawi zina, atagwira kapu yawo ndi manja awiri.

"Ka supuni kamodzi chabe, mwana wanga. Kuzizila."

Ine ndinkapukusa mutu, maso ali pansi. Iwo ankaseka, n'kuuza Atate madzulo kuti, "Mwana wanu ni kapokola, wapolisi wosadya chiphuphu." Atate ankandisisita m'mutu, ndipo ndinkagona mtima uli mbee.

Ndiye inafika Januwale, nthawi ya kusala, koyamba chidwalireni Amai. Atate anafunsa kamodzi, akumanga nsapato, ngati akwanitsa. Amai anati Mulungu awapatsa mphamvu. Atate anatuluka, chifukwa minibasi siidikira, ndipo ankachoka kusanache n'kubwera titadya kale. Amai sanafunse kukiliniki ngati angasale. Ndikuganiza kuti ankaopa yankho. Anachita monga munthu womvera amachitira. Anesi anati mapiritsi asadumphe, ndiye ankamwa m'mawa ndi madzi. Abusa anati tisadye mpaka madzulo, ndiye sankadya. Anasunga malamulo onse awiri, ndipo panalibe amene anawauza kuti awiriwo sayendera limodzi.

Masiku oyamba anangodandaula mutu ndi chizungulire. Tsiku limene ndikunenali kunatentha kwambiri, kutentha kuja kobwera mvula isanagwe, mitambo itaunjikana cha kumtsinje. Sukulu zinali zisanatsegule, ndiye ndinali pakhomo. Amai anakazinga m'mawa, anasenza ndowa kupita kumsewu, ndipo anabwerako masana msanga, chifukwa azimai a mpingo anali oti abwere kudzapemphera kwathu. Ndinaona Amai akulowa pabwalo akuyenda ngati pansi pali matope, chikhalirecho panali pouma. Anakhala pakhomo penipeni, osavula nsapato. Thukuta linali kutsika m'khosi, bulauzi itamatirira kumsana, ndipo manja ankanjenjemera mpaka analephera kumasula chitambala.

"Taonga," anandiitana motsitsa, "nipangile manzi ya shuga."

Ndinaganiza kuti ndi mayeso aja. Ndinapukusa mutu.

"Taonga, nipatse shuga. Sinimvela bwino."

"Munakamba kuti nisakupatseni, Amai. Ndiponso muli pa kusala."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ndi maso amene sindinawadziwe. Anandikalipira, ndipo ananditchula dzina loipa limene sanayambe anditchulapo, ngakhale tsiku limene ndinaswa botolo la mafuta. Misozi inabwera, koma m'mutu mwanga munamveka mawu awo omwe aja, olo nikukalipile. Ndinaganiza kuti ili ndilo tsiku limene ankandikonzekeretsa. Ndinalowa kuchipinda, n'kukhala pamwamba pa bokosi langa lachitsulo, manja ali pamaondo. Ndinawamva akuitana kawiri kapena katatu, mawu akunka natsika. Ndinakhalabe pomwepo, ndikulira mwakachetechete, koma ndikudziona kuti ndine mwana wabwino.

Azimai a mpingo anafika awiri. Mmodzi anali Ba Mwansa, mtsogoleri wa azimai, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, wochokera ku migodi. Winayo anali mtsikana wa kwaya amene dzina lake ndaiwala. Ndinamva Ba Mwansa akupereka moni pakhomo.

"Bamake Taonga, muli shani? Ah ah! Mwakhala bwanji pansi apa?"

Ndinatuluka. Amai anali atatsamira chitseko, mutu utapendekera kumbali. Ankayankhula, koma lilime linali lolemera ngati la munthu woledzera. Anaseka popanda choseketsa, kenaka anandiyang'ana n'kunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Mtsikana wa kwaya anagwira pakamwa. Ba Mwansa anaika Baibulo pampando, n'kunena kuti mdani sakondwera anthu akamasala, ndipo amagwira amene akupemphera kwambiri. Anawakokera Amai m'kati, kuwakhazika pamphasa, n'kuyamba kupemphera mokweza, dzanja lili pamutu pawo. Sindikuwaimba mlandu. Anachita chimene ankadziwa, ndipo anachita ndi mtima wonse, misozi ili m'masaya.

Pakati pa pempherolo anatembenukira kwa ine.

"Mwana wandi, bamai bako badwalako matenda yaliyonse?"

Ndinayang'ana Amai, ndikuyembekeza kuti andilola ndi maso. Maso awo sanali pa ine kapena pa aliyense.

"Iyayi," ndinayankha.

Anapitiriza kupemphera. Ine ndinaima pakhomo la kuchipinda, nditagwira nsalu yotchinga. Ndinkadziwa kuti Amai anamwa mapiritsi, ndinkadziwanso kuti sanadye, koma zinthu ziwirizi zinali m'mutu mwanga ngati anthu awiri osadziwana. Chimene ndinaphunzitsidwa chinali chimodzi, chakuti shuga ndiye mdani wa Amai.

Amene analowa pambuyo pake anali Bamake Luyando, a nyumba yoyandikana nafe, amene timatunga nawo pampopi umodzi. Amagula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa kumsika, ndipo amapemphera Loweruka, kumpingo wina. Anabwera kudzatenga beseni lawo limene Amai anabwereka. Analowa osaodira, monga amachitira, manja ali ndi mamba a nsomba, akunena kuti phokoso lathu ladzutsa mdzukulu wawo. Ataona Amai anasiya mawu pakati. Anagwada, n'kuwagwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja.

"Bazizila monga nsomba, koma thukuta mbwee," anatero. Sanafunse akuluakulu aja. Anayang'ana ine. "Iwe mwana, bwela kuno. Niyang'ane pa menso. Bamai bako bamamwa mankhwala?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Sinizakumenya. Koma ukakhala zii, bamai bako bazapita uli kuona. Bamamwa olo sibamwa?"

Sindikudziwa ngati ndinayankhula. Ndikukumbukira kuti ndinapita pa chikwama cha Amai, kutsegula kathumba ka m'kati, n'kuwapatsa mapiritsi aja. Ndinamva Ba Mwansa akupuma mokweza kumbuyo kwanga. Bamake Luyando anatembenuza kathumbako, n'kunena kuti malemu atate awo ankamwa ofanana nawo.

"Badya chani lelo?"

"Tili pa kusala," anayankha Ba Mwansa, mawu atatsika.

"Mayo ine! Leta shuga, mwana. Endesa, fulumila!"

Ndipo ine, ngakhale zinafika pamenepo, ndinaimabe.

"Banaletsa," ndinatero. "Shuga izabapaya."

Bamake Luyando anandigwira mapewa onse awiri. Fungo la nsomba ndi utsi linali pa iwo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo kumsika mtima umagunda.

"Mvela, kapokola iwe. Mankhwala aya nchito yake ni kutsitsa shuga mu thupi. Manje munthu sanadye, yazatsitsa chani? Yatsitsa na ija ing'ono inatsalako. Lelo shuga ndiye izabautsa. Thamanga!"

Ndinathamanga. Bokosi linakana kutseguka, ndipo ndinadzicheka chala pa chitsulo chake. Nditabwera ndi kandowa, mtsikana wa kwaya anali atatunga kale madzi m'kapu yaikulu ija. Bamake Luyando anathira shuga osapima, n'kutakasa. Anayamba awafunsa Amai ngati akuwamva, ndipo Amai atang'ung'udza, anati angathe kumeza. Ba Mwansa anayang'ana kapuyo kanthawi. Ndinaganiza kuti aletsa chifukwa cha kusala. Koma anakhala pansi, kuika mutu wa Amai pachifuwa pawo, n'kunena kuti, "Leteni kuno, nizabamwetsa ine. Mulungu aona." Anawamwetsa ndi supuni, pang'onopang'ono, akupukuta zotsikira pachibwano ndi chitenje chawo, akupempherabe chapansipansi.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mvula inayamba kugwa pamalata, ndipo tonse tinkayang'ana nkhope imodzi. Kenaka maso a Amai anabwerera. Ndilibe mawu ena onenera. Anali kutali, ndipo anabwerera. Anayang'ana denga, anayang'ana Ba Mwansa, kenaka Bamake Luyando.

"Nanga beseni yanu sininabweze?" anafunsa.

Bamake Luyando anaseka mpaka kukhala pansi. "Beseni! Munthu wachoka ku manda, afunsa beseni. Dyani ichi, imwe." Anawapatsa chitumbuwa chotsala m'ndowa, ndipo Amai anadya chitumbuwa chawo chomwe, koyamba m'miyezi yambiri. Akutafuna, anaona kathumba ka mapiritsi kali pamphasa, poyera, pafupi ndi Baibulo la Ba Mwansa. Anasiya kutafuna. Sanandiyang'ane, ndipo ine ndinalakalaka nditalowa pansi.

Mtsikana wa kwaya anapita m'mvula kukaitana takisi, ndipo tinapita kukiliniki, Amai ali pakati pa ine ndi Ba Mwansa. Anesi amene tinawapeza anali otopa, mzere uli mpaka panja. Anabaya chala cha Amai, kuyang'ana kamakina, n'kufunsa zimene zinachitika. Atamva za kusala sanakalipe. Anangotseka maso kanthawi, ngati munthu amene wamva nkhani yomweyo kambirimbiri. Anati mapiritsi amenewo ndi chakudya zimayendera limodzi, ndipo munthu wowamwa asasale asanabwere kudzafunsa. Kenaka anafunsa amene amakhala ndi Amai masana, ndipo onse analoza ine. Anandiuza kuti ndikaona thukuta lozizira, kunjenjemera, kukwiya kopanda chifukwa kapena kuyankhula zosamveka, ndiwapatse chotsekemera msanga, kenaka chakudya. Koma ngati sakutha kumeza, ndisathire kanthu m'kamwa, ndithamange kukaitana anthu abwere nawo kuchipatala. Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, monga ndinanenera kwa Amai tsiku lija, ndipo ndinachita mantha ndi mawu angawo.

Madzulo Atate atamva, anatuluka. Anakhala panja nthawi yaitali, nshima ikuzizira. Ine ndinkayembekeza chilango, koma sindinkadziwa kuti chikhala cha chiyani, cha kuwamana Amai shuga kapena cha kuulula mapiritsi. Ndinaona ngati ndalakwa mbali zonse ziwiri. Amai anandiitana kuchipinda kwawo. Anaona chala changa chochekeka, n'kuchimanga ndi kansalu. Atamaliza anagwirabe dzanja langa.

"Bakamba ati ninakutukwana," anatero. "Sinikumbukila. Unikhululukile."

Ndinayamba kulira, ndikunena kuti ndinawamva akuitana koma ndinakhala pabokosi.

"Unachita vamene ninakuuza. Nine ninakupatsa lamulo yosakwana. Ninakuuza chochita, koma chifukwa chake sininakuuze, pakuti na ine sininachidziwe bwino." Anapuma pang'ono. "Koma Taonga, tsiku ina ukaona nkhope yanga yasintha, uziyang'ana nkhope. Mau nimakamba nili bwino. Nikadwala, yang'ana ine."

Sindinawamvetse bwino tsiku limenelo. Ndinangosangalala kuti sanandimenye. M'mawa mwake pampopi Bamake Luyando anandiseka pamaso pa azimai onse, akuti boma linditenge ndikalondere banki, chifukwa palibe wakuba angadutse. Anthu anaseka, ine ndinayang'ana m'ndowa. Koma pochoka ananditsina tsaya, n'kunena chapansipansi kuti kumvera n'kwabwino, koma ndizifunsa kuti chifukwa chiyani, ngakhale kwa akuluakulu.

Chimene Amai ankaopa sichinachitike. Ba Mwansa sanauze munthu. Patapita masiku anabwera okha kudzacheza, ndipo ndinawamva akuuza Amai kuti amuna awo amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, ndipo nawonso amabisa. Anaseka awiriwo, kuseka kwa anthu otopa. Kuyambira chaka chimenecho Amai akhala akusala mwa njira yawo. Amasiya nyama ndi tiyi, amadya pang'ono nthawi yake, n'kumapita kumapemphero onse.

Zaka zapitapo, ndipo matendawa sanachoke. Izi ndi zimene palibe anandiuza ndili mwana, kuti pali matenda ena amene sachira ndiponso sapha msanga, amangokhala nanu m'nyumba ngati mlendo wosatsazika. Mwezi ndi mwezi pali mzere wa kukiliniki. Pali mbale yaing'ono ya Amai pambali pa mbale zathu. Pali mapazi oti ndiziwayang'ana madzulo ngati ali ndi bala, chifukwa iwo samva bwino akaponda kanthu. Paukwati anthu amawakakamiza zakumwa, ndipo iwo amanamizira kuti mano akuwawa. Ndikachoka kusukulu, chinthu choyamba ndimayang'ana nkhope yawo, ndipo nthawi zina ndimanamizira kuwakonza chitambala kuti ndigwire pachipumi. Iwo amadziwa, koma amandilola. Ndimatopa, ndipo ndimachita manyazi kulemba kuti ndimatopa, chifukwa odwala ndi iwo, osati ine.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti tsiku lija sindinakhale pabokosi chifukwa cha chikondi chokha. Ndinakhalapo chifukwa kumvera kunali kosavuta kuposa kuganiza, ndipo kukhala chete kunali kosavuta kuposa kuyankhula. Ndinagwira mawu a Amai mwamphamvu mpaka ndinasiya kuwaona Amai enieniwo, ali pakhomo, thukuta lili m'khosi. Anthu amanditama kuti ndine mwana wofatsa, wosayankha akuluakulu. Ndimamwetulira akatero. Koma ndikudziwa kuti kufatsa komweko kunatsala pang'ono kundisiya wopanda mai, ndipo amene anawapulumutsa ndi munthu wolowa m'nyumba za eni osaodira.

N'chifukwa chake "Inde, Amai" wa lero akundilemera. Ndikudziwa kumene maganizo awo achokera. Kumpingo kwabwera abusa atsopano, achinyamata, olalikira mwamphamvu, ndipo sabata yatha anati wofuna chachikulu kwa Mulungu apereke chachikulu. Sadziwa za matenda a Amai, ndipo sindikukhulupirira kuti akanadziwa akanawauza kuti asale. Amai akuti masiku ano akumva bwino, ndipo mwezi watha kukiliniki anawayamikira. Aiwala kuti akumva bwino chifukwa akudya nthawi yake. Kapena sanaiwale, angosankha kusakumbukira.

Ndiponso ndikudziwa chifukwa chenicheni. Amai analekezera sukulu ku pulaimale. Ndikamawerenga masamu amakhala pambali panga n'kumayang'ana tsamba, osatha kundithandiza, kenaka amadzuka kukandiphikira phala. Kusala kumeneku ndi chinthu chokhacho chimene akuona kuti angaike pa mayeso anga. Kukana kuli ngati kuwabwezera mphatso m'manja, ndipo sindinayambe ndawabwezera kanthu. Ndikuopa nkhope imene adzachite. Ndikuopa kuti adzati sukulu yandichotsa chikhulupiriro.

Koma sukulu itsegula posachedwa, ndipo masana sindidzakhala pakhomo. Atate adzakhala pamsewu wa ku Lusaka. Bamake Luyando masiku ano amagona ku Chanyanya masiku angapo akapita kukagula nsomba. Amai adzakhala okha pamsewu ndi ndowa yawo, padzuwa, pakati pa anthu odikira minibasi, amene akadzawaona akudzandira adzaganiza kuti aledzera.

Kwayamba kuda, sindikuonanso mizere bwino. Ndasankha chochita, ndipo ndikulemba kuti m'mawa ndisadzanamizire kuiwala. Mawa tisanapite kutchalitchi ndiwaphikira phala la mgaiwa, ndikhala nawo pansi, ndipo ndiwauza kuti sindikufuna mayeso amene ndingakhoze iwo atagona m'chipatala. Ndiwauza kuti ngati pakufunika wosala m'nyumba muno, ndisala ine, iwo azidya, azimwa mapiritsi awo, n'kumandipempherera. Akakana, ndiwauza pamaso kuti mapemphero akatha ndipita kwa Ba Mwansa, ndipo tipita nawo limodzi kwa abusa, Amai akuona. Adzakwiya, mwina sadzandiyankhula tsiku lonse. Mawu anga adzanjenjemera, ndikudziwa. Ndidzayankhula akunjenjemera momwemo.